Mmene Ndinakatengera Nyongolotsi ya Tiya Pansi pa Nyanja

Amene akuti ndi bodza aimirire pompano, mbale ili m'manja, anene ine ndikumva, osati kumanong'onezana kuseri kwa mbaula ya nyamayo ngati utsi umabisa mawu. A Tembo, ndakuonani. Nyumba ndi yanu, kapinga tapondayu ndi wanu, nyama mwagula ndinu, ndipo tauni yonse ya Laurel ino ikudziwa kuti mumagwira kubanki yaikulu ya ku Washington, koma zonsezo sizikupatsani chilolezo chondipukusira mutu pamene phazi lanu silinapondepo pansi pa nyanja yamchere. Ine Yotamu ndinapondapo, ndi nsapato ndavalazi, ndipo ngati ndikunama mphenzi indipeze pano ndisanamalize ntchafu ya nkhukuyi. Mwaona? Kumwamba kuli mbee. Khalani pansi.

Inu amene mwangobwera chifukwa munamva kuti kuli nyama, ndikuuzeni chimene tasonkhanira. Mtsikana wakhala phee pakona apoyo, amene akuyang'ana m'kapu ngati muli nkhani, ndi Tiyamike, mwana wa mlongo wanga Esinati, mbumba yanga ine. Wamaliza sukulu yapamwamba, sukulu ya nyongolotsi. Musaseke. Si nyongolotsi za m'dimba zokolera pa mbedza ayi, ndi zija za ubweya wobaya zokhala pansi penipeni pa nyanja, kumene dzuwa silinafikeko chilengedwere dziko. Ntchito yake ndi kuzisiyanitsa. Amaigoneka pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kumawerenga ubweya, n'kumaona mmene wapindikira, n'kumawerenga mfundo za thupi, mpaka adziwe kuti iyi ndi ya banja lakuti, iyi ndi msuweni wake, iyi ndi yachilendo. Tsono wapeza yachilendo, imene sinalembedwepo m'buku lililonse, ndipo lamulo la anthu a ntchito imeneyi likuti wopeza ndiye amatcha dzina, ndipo dzinalo likangolembedwa silifufutikanso mpaka lipenga lomaliza.

Ndiye ndamva mphekesera kukhitchini kuja kuti dzinalo akufuna kupatsa amayi ake. N'chifukwa chake ndaimirira. Achemwali, musandiyang'ane choncho, sindikukana kuti munagwira mashifiti awiriawiri kuchipatala mpaka miyendo kutupa kuti mwanayu aphunzire, Mulungu anaona ndipo inenso ndinaona. Koma inu muli ndi ana, mudzakhala ndi zidzukulu, dzina lanu lidzatchulidwa ngakhale litamveka mwachizungu. Nanga ine? Mwana ndilibe, mkazi anabwerera kwawo ndisanapeze mapepala okhalira kuno, nyumba ndinayamba ku Dedza ija inalekezera m'mawindo ndipo pano mukugona mbuzi za eni ake. Ndikadzafa dzina langa lidzatsala pa chiyani? Nyongolotsi imeneyo ndi ya dzina langa, ndipo mumve mmene ndinaivutikira, kenako muweruze nokha.

Chinali chilimwe chija mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo n'kuzimitsa magetsi kumene Tiya amagwirira ntchito zake. Nthawi imeneyo nyongolotsi yachilendoyo inali imodzi yokha padziko lonse, sitima ya akatswiri inaitola ndi dzanja lachitsulo, n'kuiumitsa ndi ayezi. Mwanayu, poopa kuti isungunuka, anaitenga n'kubwera nayo kunyumba ku Silver Spring, kumene timakhala atatu, n'kuiika mufuliji, atakulunga m'jumbo. M'jumbo, mukumva? Pafupi penipeni ndi jumbo ina imene mayi wina wakutchalitchi anatibweretsera kuchokera kumudzi, ya usipa ndi mphalabungu. Ndipo poti Tiya ndi munthu woti mawu ake amatuluka ngati akuwagula, sanauze aliyense. Analemba timawu pachivindikiro, tating'ono ngati mapazi a nyerere, ndipo magalasi anga anali atatsala kwa nkhalamba ndimaisamalira ku Falls Church.

Ine ndabwera kuntchito masana, basi, sitima, basi ina, njala ikuimba nyimbo zamaliro m'mimba, ndatsegula fuliji, ndamasula jumbo, ndapeza chinthu chonenepa ngati chala changa chachikuluchi, chopindika, chaubweya, chili chokha m'kabotolo. Inu mukanati n'chiyani? A Tembo, inu a ku Lusaka amene mphalabungu mumaitcha vinkubala, mukanati n'chiyani? Ine ndinati mayi aja ndi aulemu, asankha mphalabungu yonenepa kuposa zonse n'kuipatulira mwamuna wa pakhomo. Ndinaiwawula ubweya pamoto, ndinadula anyezi, tomato mmodzi, kamchere pang'ono ngakhale inapezeka kuti inali nawo kale wake, ndipo sindibisa, chibadwire sindinadyepo ndiwo yotero. Mlandu uli kwa woika ndiwo pamalo a ndiwo osanena. Ine ndinangochita zimene mwana aliyense woleredwa bwino akanachita.

Achemwali atamva anakuwa mpaka agalu a ku Baltimore anayankha. Koma Tiya sanakuwe. Anaima pafulijipo, chitseko chili chotsegula, kabotolo kopanda kanthu kali m'manja, mpaka fulijiyo inayamba kulira yokha, kenako anakhala pansi pomwepo n'kunena motsitsa kuti, “Malume, inali imodzi yokha.” Basi. Mawu anayiwo anandipweteka kuposa phokoso lonse la amayi ake. Ndinadzamva pambuyo kuti popanda nyongolotsi yeniyeniyo yoti ikhale m'botolo kunyumba yosungira zamoyo zakale, ngati mboni yoti aliyense adzaione, palibe dzina, palibe pepala, zaka zake zonse zija zapita ndi tomato. Ndiye ndinati, Yotamu, ndiwe malume kapena ndiwe chithunzi? Kumene inachokera kuli abale ake. Pita ukatenge ina.

M'mawa mwake ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndinayamba ndazoloweretsa makutu kutsika pakuya pa masitepe oyenda okha a pa siteshoni ya Wheaton, aja ukaima pamwamba pansi sipaoneka, ndinatsika, ndinakwera, ndinatsikanso mpaka mlonda anandipatsa sawatcha poganiza kuti ndine mwini wake wa siteshoniyo. Kenako ndinabwerera kunyumba kukatenga nkhukundembo ija achemwali anapatsidwa kuntchito pa chikondwerero cha mu Novembala, imene inakhalitsa mufuliji mpaka inalimba kuposa mwala wa mphero, ndinaimangirira m'chiuno ndi lamba, chifukwa munthu wolongosoka sapita kwa eni mbumba chimanjamanja, komanso ndinkafuna cholemera chondikokera pansi. Ndinakwera basi mpaka pamene msewu unathera, mchenga unayamba, ndinaima m'mphepete mwa nyanja n'kukoka mpweya. Anthu inu, mpweya umenewo! Mbendera zonse za mu Washington zinatembenuka n'kuloza kwa ine, ndege imene inkanyamuka ku Baltimore inabwerera chammbuyo n'kuteranso, masamba a mitengo ya ku Virginia anathothoka nthawi yake isanakwane, ndipo chipewa cha mayi wina wachizungu amene ankaothera dzuwa chinalowa m'mphuno yakumanzereyi, mpaka lero ndikatsokomola nthawi yozizira mumamva kamaliboni kakugwedera m'chifuwa.

Mwati chiyani achemwali? Nenani mokweza onse amve. Akuti sindidziwa kusambira, akuti ngakhale m'bafa ndimagwira chitsulo. Zoona! Ndipo ndiye luso lakelo. Wodziwa kusambira amayandama, n'chifukwa chake akatswiri onse aja amatumiza zitsulo m'malo mopita okha. Pansi pa nyanja pamafika munthu wodziwa kumira, ndipo pa kumira palibe wondiposa kuyambira ku Dedza mpaka kuno.

Ndinalowa. Ndinayenda wapansi, madzi m'mawondo, madzi m'khosi, madzi pamwamba pa dazi, mpaka ndinafika pamene dziko limathera ngati phompho, ndinati Ambuye mukhale nane, n'kudumpha. Ndinamira, ndinamira, ndinadutsa nkhanu zija mumagula modula ku Maryland kuno, zinandilonjera sindinayankhe poopa kutaya mpweya, ndinadutsa shaki amene anandinunkhiza n'kuona kuti nyama ya munthu wogwira ntchito ziwiri ndi yolimba, kuwala kunayamba kutha, kufiira kunapita, kubiriwira kunapita, kunatsala mdima woti ukautambasulira dzanja umaugwira ngati bulangeti lonyowa, ndipo mumdimamo munkadutsa nsomba zokhala ndi matochi pamphumi ngati anyamata a kabaza. Imodzi ndinaigwira mchira n'kuiika m'thumba la shati kuti izindiunikira. Mukumva?

Tsono kulemera kwa madzi. A Tembo, inu mumawerenga manambala, werengani izi: nyanja yonse ili pamutu pa munthu mmodzi. Inandifinya, mimba iyi inaphwa, lamba anazungulira m'chiuno kangapo, ndinafupika mpaka ndinafanana ndi botolo la sobo, mano anayandikana mpaka mpata ndinabadwa nawo uja unatsekeka, ndipo Chingerezi chonse ndinachisonkhanitsa m'dziko muno chinafinyika n'kutulukira m'makutu ngati thovu, ma hawayu, ma ekisikyuzimi, ma havu e naisi dei, ndinkaona zikukwera m'mwamba chimodzichimodzi, m'mutu munangotsala Chichewa chenicheni cha agogo, chopanda chosakaniza. Foni nayo inafinyika kufika ngati bokosi la machesi, komabe inalira. Ndikuti inalira! Msuweni wanga wa ku Dedza, akuti achimwene mvula yayandikira, nanga feteleza? Kumene dzuwa linalephera kufika, achibale akumudzi anafika. Apa palibe akundipukusira mutu, chifukwa nonse mukudziwa.

Ndinatera pofewa, pamatope ozizira, ndipo nditakweza nsomba yanga ya tochi ndinaona mudzi. Namgumi anafa kalekale n'kumira, mafupa ake ali ngundangunda ngati tchalitchi chosafolera, nthiti iliyonse kutalika ngati mlongoti wa magetsi, chapatali pali zitunda zotulutsa utsi wakuda wotentha ngati uvuni wa njerwa, ndipo paliponse, pamafupa, m'matope, m'mbali mwa zitundazo, nyongolotsi. Zofiira, zoyera, za mamba ngati nsomba, za nthenga kumutu, zina zokhala m'timapaipi tomanga zokha, zina zoyendayenda, ubweya uli nyankhalala, kunyezimira ngati singano za telala.

Munthu wosaleredwa akanangotola imodzi n'kuthawa, monga chinachitira chitsulo chija. Ine ayi. Ndinanjuta, ndinaomba m'manja mwaulemu, ndinati odi, kodi mwini mbumba alipo? Kenako m'chigaza cha namgumi munatuluka chinyongolotsi chachikulu, kutalika ngati paipi yanu yothirira kapingayo a Tembo, ubweya wake utachita imvi, chinandizungulira kawiri n'kunena ndi Chichewa chakale chimene ngakhale pawailesi sichimvekanso, akuti, “Mlendo woyamba kuodira. Mwatitengera chiyani?” Ndinamasula nkhukundembo n'kuiika patsogolo pawo, koma ndinaipondabe ndi phazi limodzi kuti ndisauluke. Nkhope analibe yoti n'kuiona bwino, koma ndinadziwa kuti asangalala.

Ndinafotokoza kuti ndikufuna mwana mmodzi wa banja lakutilakuti, ndipite naye kumtunda akaphunzire. Mkuluyo anausa moyo, thovu linatuluka. Akuti, “Malume anzanga, mwafika pa vuto lathu. Kuno kuli mdima chiyambire. Palibe akudziwa kuti m'bale wake ndani. Timangogundana. Maliro akachitika sitidziwa woti alire ndani, ukwati ukachitika timadzazindikira mochedwa kuti ndi pachibale. Banja mukulinenalo tilipeza bwanji?”

Apa ndiye ndinavula jekete. Ndinali nditamuonerera Tiya nthawi yaitali ali pathebulo la kukhitchini ndi zithunzi zake, iye ankaganiza kuti ndikuonera mpira, ndiye njira ndinkaidziwa, ndinangoiwonjezera ulemu wakwathu. Ndinakwera pa nthiti ya namgumi n'kukuwa kuti aliyense abwere, ndipo zinabwera, chigwa chonse chinayenda, matope anatutuma, zina zinachokera kufupi ndi Ulaya zitanyamula ana kumsana. Ndinaziimika pamzere, iliyonse ikafika ndinkaiunika ndi nsomba ija, ndinkapapasa ubweya, wowongoka uku, wokhota ngati mbedza uku, wa mano ngati sowo uku, kenako ndinkafunsa monga timafunsirana kwathu: amayi anu anali a kwa yani, munachokera fupa liti? Zokhala m'mbali mwa zitunda zotentha zija, zosafuna kusamuka ngakhale zikupsa, ndinati inu ndinu a Phiri, khalani kuphiri kwanuko. Zoyendayenda, zomanga paliponse pamene zapeza chakudya, ndinati a Banda, pitani uko. Za mamba ngati zishango, zokonda ndewu, zimene zinandiluma chala ndisanazifunse n'komwe, sindinavutike, Angoni enieni, ndinangoziuza kuti mowa kulibe, zidikire. Ndiye panali zina za nthenga zokongola kumutu, zokhala m'nyumba zazitali, zongotulutsa mutu n'kupukusa, zonse ndinkanena zinkangoti boza, boza, ba mudala. Zimenezo ndinazilemba kuti a Tembo a ku Lusaka. Abale anu alipo kumeneko, akupereka moni.

Ndinasiyanitsa mitundu yochuluka kuposa magalimoto a pa msewu wozungulira Washington nthawi yoweruka, mabanja anapezana, ena analira, nkhalamba ina inazindikira kuti yakhala ikukangana ndi mchira wake womwe kuyambira ili mtsikana. Koma banja ndinkalifunalo silinaoneke, chifukwa yoyamba ija ubweya wake ndinauwawula ndisanauyang'anitsitse. Ndinakhala pansi n'kuganiza. Kenako ndinati, Yotamu, maso sanaione bwino, koma lilime? Padziko lonse lapansi, mwa akatswiri onse ndi magalasi awo, munthu wodziwa kukoma kwa nyongolotsi imeneyo ndi mmodzi. Ndinapempha chilolezo kwa mkulu uja, n'kuyamba kunyambita. Mukumva? Banja lililonse linatumiza nthumwi, ine kunyambita pamsana, iyi yowawa ngati kholowa wa m'chilimwe, iyi yonunkha mazira owola, iyi yoyabwa ngati chitedze, ubweya ukundibaya, lilime linatupa mpaka linkagunda mabatani a shati, ndipo nditatsala pang'ono kutaya mtima, kuseri kwa fupa la mchira kunatuluka kagulu kamanyazi, kosalankhula, kongoweramira pansi ngati Tiya wakhala apoyu. Ndinanyambita kamodzi. Anthu inu, panangosowa tomato.

Koma apa ndi pamene zinavuta. Malume wa kabanjako, kankhalamba kakang'ono koma kaukali, anandinunkhiza, anabwerera m'mbuyo, anandinunkhizanso. Akuti, “Chitsulo chinatitengera mwana wathu wamkulu. Inu mukununkha iyeyo. Ali kuti?” Angoni aja anayamba kuyandikira, ubweya uli chiimire. Munthu wamantha akananama. Ine sindinama, mukundidziwa. Ndinagwira pamimba n'kunena kuti, mwana wanu ali pamalo ofunda, sadzamvanso kuzizira, kumene ndipita iye amapita, magazi ake ndi anga ndi amodzi tsopano, ndiye ngati mukufuna kundiluma dziwani kuti mukuluma m'bale wanu. Anakaunjikana pambali kukambirana, ine mpweya ukuchepa, chipewa chija chikundikanda pakhosi, ndipo pobwera kankhalambako kanati, “Chibale ndi fupa, sichiola. Tikhala bwanji pa mafupa n'kukana mwambi umenewu? Ndinu wathu. Tengani mng'ono wake akaphunzire.”

Tsono mvetserani bwino apa, iwe Tiya kweza mutu, chifukwa apa ndi pamene pali mlandu. Anandipatsa mwanayo ndi pangano. Akuti, “Kuno sititchana maina, mumdima dzina lilibe ntchito. Koma kumtunda munthu wopanda dzina amasowa. Ameneyu akatchedwe dzina lanu, kuti tikamufuna tidzadziwe khomo logogoda.” Ndinavomera pamaso pa mboni zosawerengeka, a Phiri, a Banda, Angoni ndi a Tembo omwe. Ndiye achemwali, ngati mukufuna dzinalo tengani, koma dziwani kuti mapaipi onse a m'dziko muno amathera kunyanja, ndipo tsiku lina muli m'bafa mukukonzekera shifiti, mudzaona kamutu kaubweya katulukira potulukira madzi, kakufunsa kuti a Yotamu tawapeza? Mudzayankha nokha. Ine ndidzakhala ku Falls Church.

Pobwerera sindinavutike. Ndinangochotsa phazi pa nkhukundembo ija, ndinanyamuka ngati chivindikiro cha botolo la thobwa lowira, ndinadutsa mdima, ndinabweza nsomba ya tochi pamalo pake ndi zikomo, thupi linkafutukuka, mimba inabwerera, Chingerezi ndinachipeza chikuyandama pamwamba n'kuchitolera, ngakhale china chinali chitadyedwa ndi mbalame, n'chifukwa chake pena pabasi samandimva bwino. Koma mwanayo ndikanamunyamula pati? Botolo ndinalibe, m'thumba akanauma. Ndinamuika m'kamwa, m'tsaya ili, ndi madzi a kwawo, n'kutseka milomo. Ganizani zimenezo. Ine Yotamu, kuchokera pakati pa nyanja mpaka ku Silver Spring, osalankhula. M'basi munthu wina ankanena zabodza zokhazokha za mpira, ine phee. Pasiteshoni ndinakumana ndi abusa, anandifunsa maganizo anga pa ulaliki wa Lamulungu, ine kungogwedeza mutu, misozi ili m'maso. Kumira sikunali kanthu, shaki sanali kanthu, nsembe yeniyeni inali imeneyo. Achemwali, nenani zoona pamaso pa anthu, kodi sabata imeneyo panalibe tsiku limene sindinatulutse mawu ngakhale amodzi? Mwamva? Avomera! Akuti chinali chifukwa choti lilime linatupa ndi zimene ndinadya, komanso manyazi. Lilime linatupadi, ndafotokoza kale chimene chinalitupitsa. Manyazi sindiwadziwa.

Mwati bwanji a Tembo? Akuti Tiya anawauza kuti yachiwiriyo anaipeza yekha, patapita miyezi, m'botolo lakale kuchipinda chosungira cha nyumba ya zamoyo ija, atatsegula mabotolo osawerengeka mpaka maso kufiira. Inde anaipeza m'botolo. Nanga mukuganiza kuti inalowamo yokha? Ine ndikanangomupatsa m'manja, mwanayu akanadziona wolephera, woti ntchito yake amugwirira malume. Ndinalowa m'nyumba ya zamoyoyo mwakachetechete masana dzuwa likuswa mtengo, alonda anandiona koma poti ndinali chete sanakhulupirire kuti ndine munthu, ndinasankha botolo la kumapeto kwenikweni, ndinalavuliramo mwanayo bwinobwino, ndinatseka, ndinawaza fumbi pamwamba ndi dzanja langa kuti lioneke la makedzana, kuti iye avutike pang'ono, aipeze, anyade. Kumeneko ndiko kulera. Ndipo ndinasunga chinsinsi mpaka lero, ndikanapita nacho kumanda chikhala kuti sindinamve za kukhitchini zija.

Ndamaliza. Weruzani. Iwe Tiya, mbumba yanga, sindikukukakamiza, ndangoti anthu amve mbali yanga dzinalo lisanapite. Ukuti chiyani? Kweza mawu mwanawe, mbaula ikuthetheka. Akuti dzina linapita kale. Linapita kale? Osandifunsa? Chabwino. Chabwino, palibe kanthu. Achemwali, zabwino zonse, mulisamale. Wina andipatsire madzi.

Nanga fonitu ukundipatsiranji? Ndione chiyani? Magalasi anga ali kuti, a Tembo bwerekeni anuwo. Ichi n'chiyani? Ndiyo imeneyi, itakulitsidwa? Nanga chatuluka kutsogoloku, chachitali chonchi, ngati sokosi yotembenuza? Akuti ndi pakamwa. Akuti ikafuna kudya imatulutsa pakamwa ponse panja, ndipo potalika pake pamatsala pang'ono kufanana ndi thupi lonse. Maso ilibe. Makutu ilibe. Pakamwa pokhapokha. Ndiye akuti amayi ake atangoona chithunzichi anakana, anati mwini wake wa nkhope imeneyi alipo kale pakhomo pano.

Mukuseka chiyani? A Tembo, dzukani pa kapingapo, ndinu munthu wamkulu. Achemwali, mutsamwa ndi fupa. Inu mukuona ngati chipongwe, ine ndikuona chilungamo, chifukwa nyama yokhala kumene kulibe choona, yosasowa kumva za anthu okayika, yodalira chida chimodzi chimene Mulungu anaipatsa n'kuchigwiritsa ntchito mokwanira, imeneyo ndi nyama yanzeru kuposa zonse za m'nyanja, ndipo ndikanapatsidwa mwayi wosankha ndekha ndikanaloza yomweyi.

Tsitsa pansipo ndione polembedwa. Apa? Mawu oyambawa ndi achilatini, ndiwasiye. Achiwiriwa. Yo, ta, mu. Yotamu, ndi kamchira kumapeto. Ndiye kuti ku Japan akaipeza adzatchula chonchi? Ngakhale ine nditapita? Ngakhale iwe utapita? Tawerenga ndiwe, Tiya, pang'onopang'ono, magalasi a a Tembowa achita nkhungu. Werenganso.

Ayi, musandipatse kansalu, palibe akulira pano. Ndani akulira? Ndi madzi aja ndinamwa pansi pa nyanja, amatuluka pang'onopang'ono, lero apeza njira ya m'maso. A Tembo, inu mumafuna umboni kuyambira pachiyambi, bwerani kuno. Tambasulani chala, gwirani patsayapa, lawani. Mchere kapena si mchere? Nanga munthu woti sanapiteko akanautenga kuti?